Galimoto Yopanda Denga

Inabwera m'mabokosi asanu ndi awiri,
mafupa okhaokha.
Mzungu wa ku Borrowdale anaigulitsa posamuka
nati chimango chilipo, zinazo mudzasaka.
Bambo analipira ndi penshoni ya ku njanji
osafunsa munthu.

Ku Rugare anati Likongwe mutu wazungulira.
Galimoto yanji yopanda denga, yopanda zitseko,
mipando iwiri basi,
pakhomo pa anthu asanu ndi mmodzi?
Mayi anangofunsa kumene nkhuku zawo zigone,
pakuti khola ndilo linasanduka galaja.

Ine ndinali wogwira tochi.
Manambala ndinawaphunzira pa masipanala
ndisanawakonde kusukulu:
teni, satini, seventini.
"Esinati, bawuti samanga ndi mkwiyo,
imaduka."
Inadukadi, tsiku limene ndinalephera mayeso.

Injini tinakaifukula ku Magaba
pansi pa mulu wa zitseko za makombi.
Wogulitsa ankathamanga m'Chishona,
bambo akumutsatira ndi Chishona chawo chotsimphina
chonunkhira kwawo ku Ntcheu,
mpaka mtengo unatopa, n'kukhala pansi.
Tinaikankha pa ngolo dzuwa likuswa mtengo.

Kabuku ka malangizo kanalibe masamba anayi,
omwe aja onena za mawaya.
Ofiira apita kuti, obiriwira achokera kuti,
tinkangoyesa, fyuzi n'kupsa, tiyesenso.
Magetsi akathima tinkapala malata a aluminiyamu mumdima,
bambo akuwerenga misomali ndi chala.
Chilichonse ankachinyamula kaye m'manja:
chikalemera, ayi.
"Galimoto iyi mphamvu yake ndi kupepuka."

Iwo ndiwo anapepuka.
Chifuwa chinawadya mwakachetechete ngati dzimbiri,
ndipo tinawanyamula anthu anayi osapumira.
Injini inali isanalirepo.

Zaka zisanu ndi zinayi pansi pa lona.
Makoswe anabereka ana mu mpando wa dalaivala,
nkhuku zinabwerera, zikuikira mazira pamalo pa batire.
Nditavundukula ndinapeza pensulo yawo pa chitsulo:
muvi wolozera kumanzere,
ndi mawu akuti *apa sindinamange.*

Ndinamanga.
Tongesai wowotcherera uja anabwera Loweruka lililonse,
malipiro ake tiyi ndi mkangano wa mpira.
Kabureta ndinaitsuka katatu,
mabuleki tinawapopa mpaka mwendo kuchita dzanzi,
iye akufuula pansi: ponda! siya! ponda!

Lamulungu lina m'mawa, jakaranda atayala msewu,
inatsokomola kawiri,
inatukwana utsi,
kenako inalira.
Agalu a mzere wonse anayankha.

Ndinali nditasunga mpando winawo wopanda munthu,
mukudziwa chifukwa chake.
Koma mayi anatuluka atamanga duku mfundo ziwiri,
nakweza mwendo kudumpha m'mbali mopanda chitseko
ndi nsapato zawo za kutchalitchi,
osandiyang'ana n'komwe.

Pa msewu wa Lytton phula lili pafupi
moti ungalikhudze ndi chikhatho.
Dzenje lililonse limalowa m'msana.
Mphepo imalanda mawu pakamwa,
matayala a malole akutiposa msinkhu,
mahwindi akuimba mluzu pa khomo la kombi.
Ndinabweza phazi, poopa mtima wa nkhalamba.

Mayi anandigwira bondo.
Ndinayesa akuti tibwerere.
"Penshoni yonse ija," anakuwa,
"liwiro lake n'lomweli?"

Ndinaponya giya yachinayi.

Tsopano imadontha oyilo, kadontho kamodzi usiku uliwonse,
pa katoni imene ndimayala pansi pake.
Ndasintha gasiketi, ndamanganso mabawuti mopanda mkwiyo,
ikudonthabe.
Mayi akuti ndiisiye, chamoyo chimatuluka thukuta.
Mawa ndilowanso pansi ndi satini.
Mwana wa mlongo wanga, Yamikani,
wapempha kugwira tochi,
ndipo akuwalitsa pena paliponse
kupatula pamene ndikufuna.